N'chifukwa chiyani osewera anga samva? Zimene zimachitika pakati pa lamulo la kochi ndi mwendo wa wosewera mu Football Manager

Lamulungu lina masana, mu saluni ina ku Rosettenville komwe Amalawi ambiri timametetsa, mphwanga wina anatsegula laputopu ali pabenchi yodikirira n'kundikodola. "Achimwene, tabwerani muone nokha. Wing'a uyu ndamuuza kuti azikhala kumphepete, akulowa m'kati. Timu yonse ndaiuza kuti isamamenye mpira patali, koma taonani uyu." Pa sikirini wosewera wapakati analandira mpira ali kutali ndi golo, anzake awiri ali poyera, iye n'kuumenya, mpira n'kukagwera kwa masapota. Mnyamatayo ankasewera Football Manager 2024, gemu ya mpira ya pakompyuta, ngati kochi wa timu ina ya mu ligi ya kuno ku South Africa, ndipo anali atagonja magemu anayi otsatizana.

Anthu odikira kumeta anagawikana pawiri nthawi yomweyo. Ena amati gemuyi ndi yachinyengo, kompyuta imakhala itasankha kale wopambana, malamulo amene timadina aja ndi ongotisangalatsa. Ena amati vuto ndi kochiyo, mapulani ake ndi osokonekera. Mkangano umenewu ndi wakale, ndipo suli kuno ku Joni kokha. Ine gemuyi ndaisewera zaka zambiri ndipo ndimaikonda, koma sindikufuna kugamula mlanduwu. Ndikufuna kufotokoza pang'onopang'ono zinthu zimene zaima pakati pa batani limene mwadina ndi mwendo wa wosewera, potengera Football Manager 2024 imene mnyamatayo ankasewera, chifukwa n'zambiri kuposa mmene ambirife timaganizira.

Injini ya masewero: amene akusankha si inu

Ambirife tinafika ku Football Manager kuchokera ku gemu ya FIFA, imene masiku ano ikutchedwa EA Sports FC. Kumeneko kontirola ili m'manja mwanu, mukadina batani lopatsira mpira umapita. Ena tinakulira pa bawo, pomwe nkhomo zimagwera m'dzenje limene dzanja lako laziponya. Football Manager siili choncho. Mpira ukangoyamba, pulogalamu yotchedwa match engine, tinene kuti injini ya masewero, imawerengetsera zochita za osewera onse 22 mmodzimmodzi, kambirimbiri pa mphindi iliyonse. Wosewera aliyense amaona zimene angachite, kupatsira, kuthamanga ndi mpira, kumenya kugolo kapena kudikira, n'kusankhapo chimodzi. Inu muli panja pa mzere.

Maganizo amenewa ndi akale. Mu 1982 Kevin Toms wa ku England anatulutsa gemu yoyamba ya dzina la Football Manager pa timakompyuta ta nthawi imeneyo. Koma imene tikusewera lero inachokera kwa abale awiri, Paul ndi Oliver Collyer, amene anatulutsa Championship Manager mu 1992. Kampani yawo, Sports Interactive ya ku London, itasiyana ndi Eidos imene inkawagulitsira gemuyo, inasiya dzina lakale n'kutulutsa Football Manager 2005 kumapeto kwa 2004 mogwirizana ndi Sega. Zaka zoyambirira zonse za Championship Manager munthu sunkaona bwalo, unkangowerenga mawu akuthwanima ngati ukumvera mpira pa wailesi. Timadontho toyenda pabwalo tinabwera mu 2003, ndipo zithunzi za 3D zinayamba mu Football Manager 2009. Apa mpamene madandaulo a "osewera samva" anakulira, chifukwa tsopano maso athu ankaona cholakwa chilichonse.

Amene amagwira ntchito ya zomangamanga ku Midrand kapena ku Fourways azimva msanga. Kapitawo amanena m'mawa kuti khoma lipite chonchi, koma njerwa iliyonse amaika ndi mmisiri, ndi diso lake, ndi kutopa kwake, ndi zizolowezi zimene anaphunzira kwa amene anamuphunzitsa. Kapitawo wabwino amadziwa mmisiri amene angamuuze kamodzi, ndi amene ayenera kumuimirira.

Funso limene latsala apa ndi lalikulu: kodi kompyuta imasankhiratu wopambana? Sports Interactive siionetsa poyera masamu a m'kati mwa injiniyi. Iwo amakana kuti zotsatira zimakhala zokonzeratu, ndipo amanena kuti timu ya munthu ndi ya kompyuta zimayendera malamulo amodzi. Amene amakayikira amaloza magemu amene timu yamenya kugolo maulendo 25 n'kugonja 1-0. Mbali inayo imayankha kuti zoterezi timaziona ngakhale ku FNB Stadium kapena ku Kamuzu Stadium. Popeza palibe wa kunja amene angatsegule injiniyo, kukambiranaku sikutha.

Lamulo ndi mwala wapasikelo

Liwu lakuti lamulo limatisocheretsa pang'ono. Mukauza wosewera kuti Shoot Less Often, kutanthauza kuti achepetse kumenya kugolo, simunamumange mwendo. Mwangoika mwala mbali imodzi ya sikelo, kuti akamayeza pakati pa kumenya ndi kupatsira, kumenya kupepukeko. Ngati mbali inayo kuli miyala yolemera kuposa wanuwo, amenyabe. Dzina lenilenilo likunena kale: kuchepetsa, osati kuleka.

Kale malamulowa ankaikidwa pa timizere tokoka totchedwa ma slider, tokhala ndi magawo 20. Munthu unkatha usiku wonse ukusuntha kamzere ka wosewera mmodzi kuchoka pa 11 kupita pa 12. Mu Football Manager 2010 anabweretsa maudindo okhala ndi mayina a mpira weniweni, monga Deep Lying Playmaker, Poacher ndi Ball Winning Midfielder, ndipo mu Football Manager 2014 timizere tija anatichotseratu. Mu Football Manager 2019 malamulo a timu anawagawa patatu: timu ikakhala ndi mpira, mpira ukangosintha manja, ndi timu ikakhala ilibe mpira. Anaikanso mapulani okonzeratu monga Gegenpress ndi Tiki-Taka kuti woyamba kumene asasowe poyambira.

Chofunika kumvetsa n'chakuti wosewera salandira mawu amodzi. Amalandira mawu anayi nthawi imodzi. Pamwamba pali Mentality ya timu, imene mu Football Manager 2024 ili ndi masitepe 7 kuyambira Very Defensive mpaka Very Attacking, ndipo imanena kuchuluka kwa ngozi imene aliyense aloledwa kuika pa mpira. Kenako malamulo a timu yonse. Kenako udindo wake, umene umabwera ndi malamulo ake omatiriratu amene simungawachotse, pamodzi ndi ntchito yake ya Defend, Support kapena Attack. Pomaliza ndiye malamulo amene mwamupatsa iye payekha.

Mawu anayiwa akhoza kukokerana kosiyana. Wing'a wa mphwanga uja anali pa udindo wa Inside Forward. Udindo umenewu tanthauzo lake lenileni ndi kuchoka kumphepete n'kulowa m'kati ndi mpira kukasaka chigoli. Kukulitsa bwalo pa malamulo a timu sikungamusandutse wothamanga mumzere n'kumaponya makirosi. Amayambira kunja monga mwamuuzira, koma mpira ukafika kumwendo amachita zimene udindo wake ukunena. Wosewerayo amamva ndithu, kungoti amamvera mawu ena amene kochi yemweyo ananena osadziwa.

Chimodzimodzi amene amauza timu kuti Work Ball Into Box, kutanthauza kudekha mpaka mpata weniweni upezeke, koma Mentality ili pa Attacking, liwiro lili pamwamba, ndipo akutsogolo onse ali pa Attack atathamangira kale m'bokosi. Wapakati akalandira mpira amapeza kuti woti amupatsire pafupi palibe, adani akumuthamangira, ndipo wauzidwa kuti achite zinthu msanga. Chimene chatsala ndi kumenya. Zili ngati kutuma mwana kumsika kuti agule nsomba zazikulu, asawononge ndalama, ndipo abwere pompano. Chimodzi mwa zitatuzi achiphwanya, ndipo wosankha choti aphwanye ndi iyeyo.

Ine ndimaona kuti ambirife timachulutsa malamulo. Tikagonja timawonjezera lina, tikagonjanso timawonjezera lina, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma ndinene chilungamo, alipo akatswiri a gemuyi amene amadina malamulo ambirimbiri n'kumapambana zikho chaka ndi chaka. Kodi n'chifukwa choti malamulo awo amagwirizana ngati a kochi weniweni, kapena apeza pamene injini ili yofooka n'kumapondapo? Pamenepa anthu sagwirizana, ndipo gemu yatsopano iliyonse imautsanso funsoli.

Manambala a m'mutu

Wosewera aliyense ali ndi manambala a luso kuyambira 1 mpaka 20. Amene amawaika ndi ofufuza oposa 1,000 amwazikana m'maiko ambiri, ambiri mwa iwo masapota amene amaonera timu yawo sabata ndi sabata. Nkhokwe imeneyi inafika podalirika moti mu 2008 Everton inachita mgwirizano woti iziigwiritsa ntchito pofufuza osewera.

Tikamagula osewera maso athu amathamangira ku liwiro, kugoletsa ndi kudoja adani. Koma pa nkhani ya kumvera, manambala olamulira ali mu gawo la Mental. Woyamba ndi Teamwork. Opanga gemuyi amaufotokoza momveka kuti ndi mmene wosewera amatsatira malamulo a kochi ndi kugwirira ntchito anzake. Wa Teamwork 6 amayamba waganiza za iye mwini. Wachiwiri ndi Decisions, kusankha chinthu choyenera pa nthawi yoyenera. Wosewera akhoza kukhala wofunitsitsa kukumverani, koma ngati Decisions ili pansi adzapatsira mpira waufupi monga mwamuuzira, kungoti kwa mnzake amene wazunguliridwa ndi adani atatu. Pali Work Rate, mtima wofuna kukhetsa thukuta, umene ukasowa lamulo lothamangitsa adani limangokhala pa pepala. Pali Anticipation, kuona zimene zichitike zisanachitike, ndi Positioning, kudziwa poima timu ikakhala ilibe mpira. Pali Concentration, imene imafotokoza difenda amene waima bwino mphindi 85 n'kugona mphindi imodzi. Pali Composure, kudekha pamene wapanikizidwa.

Ndiye pali Flair, nambala imene imatikopa koma imabwera ndi mtengo wake. Wa Flair yokwera amayesa zosayembekezereka. Mukamuika mu timu imene mwaiuza kuti Be More Disciplined, kutanthauza kusapatuka pa pulani, mumamuchepetsa mapiko, koma simumusandutsa munthu wina.

Ndimakonda kuyerekeza ndi kwaya ya kutchalitchi. Wotsogolera akhoza kukweza dzanja kuti onse atsitse mawu. Wina amatsitsa chifukwa amayang'ana dzanjalo nthawi zonse. Wina amafuna kutsitsa koma sanaone chifukwa maso anali m'buku. Wina waona, koma mawu ake ndi okoma ndipo akudziwa, ndiye amakwezabe pang'ono. Dzanja ndi limodzi, anthu atatu, zotsatira zitatu.

Kuwonjezera apo pali manambala obisika amene gemu siionetsa, monga Consistency, kusewera mofanana sabata ndi sabata, Important Matches, mmene munthu amachitira pa magemu akuluakulu, ndi Professionalism. Mumangowamvera m'mawu a masikauti ndi othandizira kochi. Wosewera wosakhazikika amamvera bwino Loweruka, Lachitatu n'kukhala ngati simunalankhule naye.

Zimenezi zikutanthauza kuti pulani imodzi siingagwire paliponse. Amene amatsitsa pa intaneti taktiki imene wina anapambanira nayo ndi Manchester City n'kuiika pa timu ya mu ligi yachiwiri ya South Africa akupempha anyamata a Decisions 8 kuti aganize ngati a Decisions 17. Chimodzimodzi ife amene timaika mafayilo owonjezera kuti tiphunzitse Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers, popeza ligi ya kwathu simabwera yotseguka mu gemuyi ngati ya South Africa. Funso lotseguka ndi lakuti nambala iliyonse imalemera bwanji. Anthu ena amayesa poseweretsa magemu mazanamazana ndipo amanena kuti liwiro ndi mphamvu zimaposa manambala a m'mutu kutalitali. Ena amati mayeso otero sasonyeza mmene munthu amasewerera gemu yake yeniyeni. Ndawerenga mbali zonse ziwiri ndipo iliyonse ili ndi mfundo.

Chizolowezi, ndi chigoli cha ku Yaoundé

Pa 25 January 2022, ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, Flames inakumana ndi Morocco mu ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa. Mphindi zoyambirira zomwe, Gabadinho Mhango analandira mpira ali kutali kwambiri ndi golo, anaona goloboyi Yassine Bounou watulukako pang'ono, n'kuumenya. Unalowa. Amene tinaonera kuno ku Joni tikukumbukira mmene nyumba zogona Amalawi zinaphulikira ndi phokoso, kwa munthu amene tinkamuona pafupi ali ku Orlando Pirates, komwe mu 2019/20 anagoletsa zigoli 16 n'kugawana mphoto ya wogoletsa kwambiri ndi Peter Shalulile. Gemuyo tinagonja 2-1, koma chigolicho dziko lonse linachiona.

Tsopano taganizirani. Pa malo amene anamenyera paja, mipira yambiri imathera m'manja mwa goloboyi kapena kwa masapota. Makochi ambiri akanakonda kuti munthu ali pamenepo augwire mpira, adikire anzake. Chikhala kuti unapita kumwamba tikanati ndi dyera. Unalowa, tinati ndi luso. Chosankhacho chinali chimodzi.

Mu Football Manager zimenezi zimatchedwa Player Traits, kale zinkatchedwa Preferred Moves. Ndi zizolowezi zimene wosewera amachita mobwerezabwereza mosayang'ana amene akumuphunzitsa: Shoots From Distance, Cuts Inside From Left Wing, Comes Deep To Get Ball, Dwells On Ball, Tries Killer Balls Often, ndi zina zambiri. Pa sikelo ija, chizolowezi ndi mwala wolemera kwambiri. Sitiraika amene ali ndi Comes Deep To Get Ball mukamuika ngati Poacher kuti azidikira pa mzere wa ofusayidi, mudzamupezabe pakati pa bwalo akufunafuna mpira. Sakukunyozani. Ndi mmene anakulira.

Pali njira zitatu zimene anthu amatsata. Yoyamba ndi kumuphunzitsa kuti asiye chizolowezicho kudzera mu maphunziro a payekha. Zimatenga miyezi, zikhoza kukanika, ndipo othandizira anu amakuuziranitu ngati akuona kuti n'zosatheka. Zimayenda bwino kwa achinyamata kusiyana ndi amene apitirira zaka 30, paja mtengo umawongoledwa ukadali waung'ono. Magulu a Mentoring nawo amathandiza kapena kuononga, chifukwa wamng'ono amatengera makhalidwe ndi zizolowezi za wamkulu amene mwamuphatikiza naye. Njira yachiwiri ndi kusintha udindo kuti ugwirizane ndi chizolowezicho: ngati amakonda kulowa m'kati, mulekeni alowe, difenda wa kumbali ndiye azikwera kudzatseka mpata wa kumphepete. Yachitatu ndi kumugulitsa.

Ine mtima wanga umapendekera ku njira yachiwiri, mwina chifukwa cha usiku wa ku Yaoundé uja. Koma ndikumvetsa amene amafuna timu yoyenda ngati wotchi, yopanda munthu wochita zake. Mpira weniweni nawo sunagamule nkhaniyi. Kochi amene amapatsa osewera ufulu akapambana timati amadziwa kusamala anthu, akagonja timati alibe pulani. Funso limene gemuyi imatisiyira ndi lomwelo: kodi wosewera amene waphwanya lamulo n'kugoletsa wamvera kapena sanamvere?

Kuzolowera pulani

Tsiku loyamba kukwera takisi mu Joni palibe amene amadziwa zizindikiro za zala. Umauzidwa kuti chala cholozera kumwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, cholozera pansi ndiye kuti ukutsikira pafupi. Wamva, wamvetsa, koma sabata yoyamba umaima pamsewu kuganiza kaye, takisi n'kudutsa. Pakatha miyezi dzanja limakwera lokha. Kusiyana kwa kudziwa ndi kuzolowera n'kumeneko.

Gemuyi imayeza zimenezi ndi Tactical Familiarity. Imakwera kuchoka pa Awkward, kudutsa Competent ndi Accomplished, mpaka Fluid, ndipo imayezedwa pa zinthu zingapo payokhapayokha: Mentality, kapatsidwe ka mpira, liwiro, kukula kwa bwalo, kuthamangitsa adani, kugwira munthu, ndi malo ndi udindo wa wosewera aliyense. Imakwera ndi maphunziro a taktiki pa sabata, ndi magemu opimana mphamvu ligi isanayambe, ndi kusewera magemu enieni. Mu Football Manager 2024 muli malo atatu osungira mapulani, ndipo timu imaphunzira onse atatu. Wosewera watsopano amayambira m'munsi ngakhale anzake onse ali pa Fluid.

Mu mpira weniweni, munthu amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi Arrigo Sacchi wa AC Milan kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ankaimika osewera 11 pabwalo popanda mpira ndiponso popanda adani, iye n'kumaloza pamene mpira uli, timu yonse n'kumasuntha pamodzi. Ankabwereza mpaka miyendo iloweze. Timu imeneyo inatenga chikho cha Ulaya mu 1989 ndi 1990. Amene anaonerako malipenga ku Nkhata Bay kapena beni ku Mangochi akudziwa kuti mzere wowongoka uja sumabwera pa tsiku la chionetsero, umachokera ku madzulo ambiri a kubwereza.

Apa mpamene ambiri timadzipweteka tokha. Tagonja kawiri, tasintha fomesheni. Tagonjanso, tatsitsa ina pa intaneti. Kusintha kwakukulu kulikonse kumabweza mizere yoonetsa kuzolowera pulani m'mbuyo, ndipo timu imakhala mlendo m'pulani yake chaka chonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe funso lilipo: kodi Fluid imawonjezera zochuluka bwanji? Alipo amene amasintha mapulani gemu iliyonse molingana ndi mdani ndipo zimawayendera. Ndipo kudekha kuli ndi malire ake, chifukwa mabwana a timu mu gemuyi amachotsa ntchito ngati a mu ligi ya kuno, komwe kochi sakhalitsa zinthu zikavuta.

Mtima, chilankhulo ndi mapapo

Zitatu izi ndizidutsa mwachangu, ngakhale zili ndi mphamvu. Kuyambira Football Manager 2018 muli gawo la Dynamics, limene limaonetsa akuluakulu a m'chipinda chovalira, magulu a ogwirizana, mmene osewera akukukhulupirirani, ndi Team Cohesion, kumvana kwawo pabwalo. Mukagula osewera asanu ndi atatu nthawi imodzi kumvanaku kumatsika. Mukakangana ndi kaputeni, amene amamutsatira nawo amakhumudwa, Morale imagwa, ndipo wosewera wokhumudwa sasewera pa mlingo wa manambala ake. Ndi za kumudzi zomwe: ukadana ndi nduna za amfumu usayembekeze kuti anthu abwera ku ntchito ya chitukuko.

Chilankhulo nacho chimawerengedwa. Wosewera wochokera kunja amene sadziwa chilankhulo cha anzake amachedwa kukhazikika, ndipo mukhoza kumutumiza kukaphunzira. Mamelodi Sundowns yeniyeni yakhala ikugula osewera a ku South America monga Gaston Sirino wa ku Uruguay ndi Marcelo Allende wa ku Chile, ndipo mu gemu kugula koteroko kumafuna nthawi. Ife amene tinafika pa Park Station osadziwa Chizulu ngakhale liwu limodzi sitifunika kufotokozeredwa zambiri.

Ndiye mapapo. Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo aliyense amene anasewerako mpira wa Lamulungu atangofika kuchokera ku Nsanje kapena ku Salima amakumbukira mmene mpweya unamuthera mtima ukufunabe. Mu gemu, pulani yothamangitsa adani mphindi zonse 90 imadya mphamvu, ndipo pali mzere woonetsa kulemera kwa pulani yanu pa matupi a osewera. Wa Stamina yochepa pofika mphindi ya 70 amasiya kuthamangitsa. Lamulo lilipobe, mwendo ndiwo wakana. Chosadziwika bwino n'chakuti kulankhula kwa pa hafu taimu ndi kukuwa kwa pamzere, monga Encourage kapena Demand More, kumasintha zochuluka bwanji. Timaona nkhope za osewera zikusintha pa sikirini, koma kulekanitsa mphamvu ya mawuwo ndi mwayi wamba n'kovuta.

Zimene maso athu amaona, ndi zimene zasintha

Ambirife timaonera magemu pa Key Highlights kuti sizoni ithe msanga, makamaka amene timasewera usiku titaweruka. Koma pamenepo gemu imakuonetsani mphindi zochepa zokha, zimene zathera pa chigoli kapena pafupi ndi chigoli. Difenda amene waima pamalo ake maulendo 40 simumuona. Mumamuona ulendo umodzi umene wachokapo. Musanaweruze kuti munthu samva, onerani mphindi 15 kapena 20 pa Full Match, maso ali pa iye yekha. Tsegulani chithunzi cha malo amene aliyense amakhala kawirikawiri, muone ngati wing'a uja alidi m'kati nthawi zonse kapena pokhapokha akakhala ndi mpira. Kuyambira Football Manager 2021 muli nambala ya xG, yoyeza ubwino wa mipata, ndipo Data Hub, gawo loonetsa ziwerengero za kaseweredwe ka timu, inabwera mu Football Manager 2022. Zimathandiza kusiyanitsa timu imene ikusewera molakwika ndi imene yangosowa mwayi.

Zinthu zasunthanso posachedwa. Football Manager 25 inalephereka, Sports Interactive inalengeza mu February 2025 kuti siituluka. Football Manager 26 inatuluka mu November 2025 pa injini ya zithunzi ya Unity, ili ndi mpira wa amayi kwa nthawi yoyamba, ndipo inasintha kapangidwe ka mapulani: tsopano mumaika fomesheni ndi maudindo a pamene timu ili ndi mpira padera, a pamene ilibe mpira padera, ndipo ntchito zija za Defend, Support ndi Attack anazichotsa. Ena akuti izi zikupatsa kochi mawu omveka bwino, popeza kale udindo umodzi unkayenera kunena zinthu ziwiri. Ena akuti mawu akachuluka mpata wodzitsutsa umachulukanso, ndipo wosewera amene wauzidwa kuima malo awiri otalikirana amathera nthawi panjira. Funso lakale likadalipo m'gemu yatsopanoyi: kodi tikufuna osewera omvera ngati nkhomo za bawo, kapena olakwitsa ngati anthu? Opanga gemu akawonjezera kumvera, ena amati yaphweka ndipo siikufanana ndi mpira. Akawonjezera kulakwitsa, ena amati malamulo sagwira ntchito.

Ku saluni kuja tinatsegula tsamba la wapakati womenya patali uja. Teamwork inali 9, Decisions 10, Long Shots, luso lomenya patali, 14, ndipo pa zizolowezi panalembedwa Shoots From Distance. Anali ndi zaka 29. Mzere wa kuzolowera pulani unali pa Competent, chifukwa mphwangayo anali atasintha fomesheni katatu m'mwezi umodzi. Wometa anaimitsa makina n'kunena kuti amugulitse basi. Bambo wina wachikulire amene anali chete nthawi yonseyi anati, "Iyayi mwana wanga, ameneyo musunthire kutsogolo pang'ono, azimenyera pafupi." Mphwangayo anayang'ana tsambalo kanthawi, kenako anabweza Inside Forward uja kukhala Winger, anatsitsa Mentality kufika pa Balanced, n'kusiya wapakatiyo mmene analili. Anati aonera gemu yotsatira yonse, mphindi 90, asanasankhe chochita naye. Nthawi yanga yometa inali itakwana, ndinakakhala pampando gemuyo ikuyamba.